Tisanafukize utsi kudenga, tiyambe tayang'ana mutu wa mleme

Sukulu, chipatala chaching'ono kapena tchalitchi cha malata chikayamba kununkha zitosi za mileme, yankho la ambiri kuno ku Petauke ndi ku Nyimba limakhala lodziwikiratu: kufukiza utsi kudenga, kupopera mankhwala a thonje otsalira m'chigubu, kapena kuitana anyamata kuti abwere ndi ndodo. Mileme ikagwera mango ndi nthochi, mlandu umaweruzidwa chimodzimodzi, ndipo nthawi zina mtengo umene imagonamo umagwetsedwa. Chigamulo chimenechi timachipereka ngati kuti wolakwayo ndi mmodzi, chonsecho m'Zambia muno muli mitundu ya mileme yoposa 60, ndipo padziko lonse ilipo yoposa 1,400. Pa mitundu isanu iliyonse ya nyama zoyamwitsa, umodzi ndi wa mleme. Mitundu imeneyi sidya zofanana, sigona malo amodzi, ndipo sisaka chakudya m'njira imodzi. Umboni wake suli kutali, uli pa mutu wa nyamayo. Kutalika kwa mlomo, kukula kwa maso, kapangidwe ka mphuno, kulimba kwa nsagwada ndi maonekedwe a mano zimanena mosabisa ntchito imene mleme uliwonse umagwira usiku ife tili m'tulo. Mfundo yanga ndi yakuti chigaza cha mleme chinaumbidwira ntchito yakeyake moti mtundu wina sungalowe m'malo mwa unzake, choncho mudzi, sukulu kapena khonsolo imene imapha mileme osayamba yadziwa kuti ndi iti, imadzilanda wantchito amene singamupezenso, ndipo kawirikawiri vuto lomwe inkafuna kuthetsa limatsala pomwepo.

Tiyambe ndi kusiyana kumene munthu aliyense angakuone ndi maso ake. Mleme umene umalira mumtengo wa mango usiku, ndi kamawu kobwerezabwereza konga kachitsulo kogogodedwa, ndi waumuna wa mtundu wa Epomophorus, ndipo ukuitana waukazi. Nkhope yake ndi yonga ya kagalu: mlomo wautali, maso aakulu, makutu ang'onoang'ono osapindikapindika. Chigaza chake chili ndi maenje aakulu a maso ndi mpata wautali wa mphuno, chifukwa mleme umenewu umayenda ndi maso ndipo chipatso chakupsa umachipeza ndi fungo. Mano ake akumbuyo ndi osalala, ndipo kumwamba kwa m'kamwa mwake kuli mizere yotukuka yopingasa. Ukaluma nkhuyu kapena suku, umakanikiza chipatsocho ndi lilime pa mizereyo, n'kumeza madzi ndi tinjere tating'ono, kenako n'kulavula zotsalira. Ndiye chifukwa chake m'mawa pansi pa mkuyu pamapezeka timibulu ta zipatso zofinyidwa. Koma mleme umene umapanikizika pakati pa malata ndi khoma la sukulu ndi nyama ina. Ndi waung'ono, maso ake ndi tinthu tochepa, makutu ndi otambalala, milomo ndi yamakwinya, ndipo mchira umatulukira kunja kwa chikopa cha kumbuyo. Mano ake akumbuyo ali ndi nsonga zakuthwa zolumikizana ngati chilembo cha W, zodulira ndi kuphwanya zikamba za tizilombo. Mano otere sangapindule ndi bango, monganso mano osalala a Epomophorus sangasake chikumbu mumdima. Apa zikuonekeratu kuti wakuba mango ndi wonunkhitsa denga si mmodzi, ndipo kupha wina sikuchepetsa mlandu wa mnzake.

Chimene chimachititsa kuti mleme wa maso ang'onoang'ono usagunde mtengo mumdima chinasowetsa mtendere anthu ophunzira kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1790, Lazzaro Spallanzani wa ku Italy anapeza kuti mleme wochititsidwa khungu umaulukabe bwinobwino, ndipo Louis Jurine wa ku Geneva anaonetsa kuti ukautseka makutu umayamba kugunda zinthu. Tanthauzo lake linadzamveka pakati pa 1938 ndi 1941, pamene Donald Griffin ndi Robert Galambos, pogwiritsa ntchito makina omva mawu opitirira khutu la munthu, anatsimikiza kuti mleme umafuula uku ukuuluka, n'kumamvetsera mawu ake akamabwerera atagunda chinthu. Khutu la munthu limalekezera pa mawu onjenjemera ka 20,000 pa sekondi, chimene akatswiri amalemba kuti 20 kHz, pamene mileme yambiri imafuula pamwamba pa malire amenewo. Nthawi imene mawu atenga kuti abwerere imauza mleme kutalika kwa mtunda, ndipo kusiyana kwa zimene khutu lamanja ndi lamanzere lamva kumauuza mbali imene chinthucho chili. Luso limeneli limafuna mafupa akeake. Chigoba cha mkati mwa khutu cha mileme yotereyi ndi chachikulu poyerekeza ndi mutu wonse, ndipo pali kafupa kolumikiza kholingo ndi fupa la khutu. Komanso pali njira ziwiri zotulutsira mawuwo. Ina imafuula ndi pakamwa, ndipo mlomo wake unapendekera m'mwamba kuti kamwa iloze kumene ikupita. Ina imafuula ndi mphuno, pakamwa pali potseka, ndipo mlomo wake unaweramira pansi kuti mphuno ndiyo iloze kutsogolo. Yofuula ndi mphunoyi ndi imene ili ndi zikopa zopindikapindika pankhope, zomwe ambiri amaziona ngati chizindikiro cha malodza, pamene ntchito yake ndi kuwongolera mawu kuti apite mbali imodzi.

Kuti zonsezi si nkhambakamwa chabe, anatsimikiza ndi Jessica Arbour, Abigail Curtis ndi Sharlene Santana a pa University of Washington, amene mu 2019 anafalitsa zotsatira za kuyeza zigaza za mitundu 203 ya mileme ndi makina ojambula mkati mwa fupa. Anapeza kuti kalekale, pakati pa zaka 58 miliyoni ndi 34 miliyoni zapitazo, chimene chinalekanitsa kwambiri maonekedwe a zigaza pakati pa mabanja a mileme ndi njira yopezera zinthu mumdima: kufuula ndi pakamwa, kufuula ndi mphuno, kapena kusiya kufuula n'kudalira maso ndi fungo. Chakudya chinayamba kulamulira kwambiri kuyambira zaka pafupifupi 26 miliyoni zapitazo, ndipo osati m'mabanja onse. Chinaonekera kwambiri m'banja lina la ku America limene lili ndi odya tizilombo, zipatso, timadzi ta m'maluwa, nyama ngakhale magazi. Wina angatenge mfundo imeneyi n'kunena kuti ndiye kuti chigaza sichinena zonse za chakudya, ndipo akunena zoona. Koma choonadi chimenechi chimalimbitsa mlandu wanga m'malo moufooketsa. Mutu wa mleme uli ndi mabwana awiri, kutafuna ndi kufuula, ndipo fupa limodzi lomwelo liyenera kukondweretsa onse. Mleme umene mphuno yake inatupa kuti ikuze mawu sungakhalenso ndi mlomo wautali wofika pansi pa duwa, ndipo umene unatalikitsa mlomo kuti ununkhize zipatso patali sungatsate udzudzu pakati pa masamba. Mtundu uliwonse unamangika pa njira yake, ndipo njirayo singasinthike m'nyengo ziwiri kapena zitatu za mvula chifukwa chakuti ife tagwetsa mitengo kapena tatseka phanga.

Ngakhale pakati pa odya tizilombo okhaokha, nsagwada zimasiyana malinga ndi kulimba kwa chakudya. Aliyense amene anadyapo nzimbe amadziwa kuti saiswa ndi mano akutsogolo. Amaikankhira kumbuyo, pafupi ndi pamene nsagwada imalumikizana ndi mutu, chifukwa mphamvu zili pamenepo. Mleme wa nkhope yaifupi uli ndi mano ake onse pafupi ndi malo amenewo, ndiye umaluma mwamphamvu kuposa unzake wa msinkhu womwewo koma wa mlomo wautali. Patricia Freeman, amene anayeza zigaza za mileme ya michira yotulukira kunja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anaonetsa kuti yodya zikumbu ili ndi nsagwada zonenepa, mano ochepa koma aakulu, ndi mzere wa fupa wotukuka pamwamba pa chigaza pamene pamagwira minofu yotafunira, pamene yodya agulugufe ausiku ili ndi nsagwada zopyapyala zotha kuyasama kwambiri. Mleme wa mimba yachikasu wa mtundu wa Scotophilus, umene nawo umakonda madenga a nyumba, uli m'gulu la nsagwada zolimba, ndipo zikumbu ndiye chakudya chake chachikulu. Ndiye pali a Nycteris, a makutu aatali ndi mng'alu pakati pa nkhope, amene amagona m'mphako ndi m'mipaipi ya pansi pa msewu. Amenewa amafuula monong'ona, ndipo amadalira kumva tsokotsoko wa chiwala kapena chinkhanira chikuyenda pa masamba ouma, n'kuchitola pansi. Wamkulu wa banja limeneli, Nycteris grandis, anafufuzidwa ku Mana Pools m'mbali mwa Zambezi, kumene anapezeka akudya achule, tinsomba, timbalame ndi mileme inzake. Denga limodzi, munda umodzi ndi dambo limodzi zimatha kukhala ndi alenje onsewa, aliyense ndi nyama yake.

Chitsanzo cha pafupi nafe chimaonetsa mmene kusiyanaku kumabisalira. Kwa zaka zoposa 100, mleme waukulu wofuula ndi mphuno wotchedwa Rhinolophus hildebrandtii unkatengedwa ngati mtundu umodzi kuchokera kum'mawa kwa Africa mpaka ku South Africa. Mu 2012 Peter Taylor ndi anzake anafalitsa zoti atayerekeza zigaza, mawu ndi DNA, anapeza kuti m'dzina limodzilo munabisala mitundu ina inayi, umodzi mwa iyo wa ku phiri la Mabu ku Mozambique. Yaikulu mutu inkafuula ndi mawu otsikirapo, yaing'ono ndi okwererapo, ndipo kusiyana kumeneku sikukanaoneka kwa munthu wongoyang'ana mleme uli lende m'phanga. Mileme ya banja limeneli imatulutsa mawu amodzi osasinthasintha, ndipo imazindikira kachilombo pakati pa masamba chifukwa kukupiza kwa mapiko ake kumagwedeza mawu obwererawo. Nkhondo ya mileme ndi tizilomboti ndi yakalekale, chifukwa agulugufe ambiri ausiku ali ndi makutu omva kufuula kwa mileme, makamaka pakati pa 20 kHz ndi 60 kHz, ndipo akamva amadzigwetsa pansi. Mileme ina inapeza pozembera. Cloeotis percivali, kamleme kakang'ono kopezekanso m'Zambia, kamafuula pa 212 kHz, ena mwa mawu okwera kwambiri pakati pa mileme yoyezedwa, ndipo chakudya chake pafupifupi chonse ndi agulugufe ausiku amene sakamva kakubwera. Mleme wotere ukatha m'dera chifukwa phanga lake lafukizidwa utsi, Scotophilus wa kudenga sangatenge ntchito yake, pakuti agulugufewo amamumva akali patali.

Izi zikanakhala nkhani ya m'kalasi chabe chikanakhala kuti agulugufe ausiku sakhudza nkhokwe zathu. Koma mbozi imene imaboola nthonje za thonje ndi mwana wa gulugufe wausiku, ndipo ntchemberezandonda zachilendo zimene zinalowa m'Zambia chakumapeto kwa 2016, mpaka boma kugwiritsa ntchito ndege za asilikali kunyamula mankhwala, nazonso zimaswedwa ndi gulugufe wouluka usiku, amene wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira oposa 1,000. Mbalame zambiri zimakhala zitagona pa nthawi imene iye akuuluka. Mlenje wake wa mumlengalenga ndi mleme. Ku America, kumene mbozi imeneyi inachokera, mileme ya michira yotulukira kunja, abale a iyi ya m'madenga athu, inapezeka kuti imadya agulugufe ake ndi a mbozi ya chimanga ndi thonje. Josiah Maine ndi Justin Boyles anatchinga zigawo za minda ya chimanga ku Illinois ndi maukonde usiku kuti mileme isafike, ndipo mu 2015 anafalitsa kuti m'zigawo zotchingidwazo mbozi zinachuluka, zisononkho zinawonongeka kwambiri, ndipo chuku chinafala. Kuno ku Africa, ofufuza anayeza zitosi za mileme ya m'madenga pafupi ndi minda ya nzimbe ku Eswatini n'kupezamo agulugufe ausiku ndi tizilombo tina tambiri, ndipo ku Levubu ku South Africa zinaoneka kuti mileme imadya tizilombo tonunkha toboola mtedza wa makadamiya. Mlimi wa ku Petauke amene amagula mankhwala a mbozi pa ngongole, kenako n'kugwiritsa ntchito otsala kupha mileme ya kudenga la tchalitchi, walipira kuti achotse womuthandiza waulere.

Mileme ya nkhope ya kagalu nayo ili ndi ntchito imene mlomo wake wautali unaumbidwira. Duwa la mlambe limatseguka madzulo, ndi loyera, limalendewera pansi, ndipo fungo lake silokomera munthu. Pofika mawa lake layamba kale kufota. Duwa lofiira la mvunguti nalo limatseguka usiku. Maluwa amenewa amaitana mileme ya zipatso, imene imalowetsa mutu kuti imwe timadzi take n'kuchoka ndi mungu pa ubweya kupita nawo ku mtengo wina.  Ntchito ina ndi yofesa. Chaka chilichonse, kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, mileme yamtundu wa Eidolon helvum imasonkhana miyandamiyanda m'kankhalango kakang'ono ku Kasanka National Park, kutsidya kwa mapiri a Muchinga, kudzadya masuku ndi zipatso zina za m'tchire. Heidi Richter ndi Graeme Cumming anamangirira tizida tolondoleredwa ndi setilaiti pa ingapo mwa iyo, ndipo umodzi unayenda makilomita oposa 2,500 kulowera ku Congo. Ku Ghana zinapezeka kuti mtundu womwewu ungataye njere pa mtunda wofika makilomita 75 kuchokera pa mtengo umene unadya. Aliyense woyenda pa Great East Road pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Nyimba amaona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu, ndipo amadziwa chimene chikuchitikira nkhalango za miombo. Malo ometedwa chonchi amafuna wobweretsa njere za mikuyu ndi mitengo ina ya zipatso kuchokera kutali, ndipo mleme umataya zitosi uku ukuuluka pamtetete pamene anyani ndi mbalame zambiri za m'nkhalango sizifika.

Tsopano timve mbali ina, chifukwa odandaula sakunama. Mayi wa ku Nyimba amene amadalira nthochi ndi mango kuti alipirire ana sukulu sangasangalale kuuzidwa za mungu wa mlambe pamene zipatso zake zalumidwa. Koma mutu wa mleme womwewo ukutiuza poteteza. Mano osalala ndi mphuno yotsata fungo zimatanthauza kuti mleme umafuna chipatso chofewa, chakupsa kale. Mkoko wa nthochi wodulidwa utakhwima koma usanapse, monga amachitira ambiri ogulitsa pamsewu, kapena wokutidwa ndi thumba, mleme suupeza kanthu. Mango amene umadya kwambiri ndi opsera mumtengo, omwe sakanapirira ulendo wa ku Lusaka. Njira yopha inayesedwa kale ndi boma lathunthu. Kuyambira 2015, dziko la Mauritius linawombera mileme yake ya zipatso masauzande makumimakumi pofuna kuteteza mango ndi zipatso za lychee. Zokolola sizinakwere monga analonjezera, ofufuza anaonetsa kuti kukuta mitengo ndi maukonde ndi kuidulira kuti ikhale yaifupi n'kumene kumateteza zipatso, ndipo mu 2018 mlemewo unalembedwa m'gulu la nyama zomwe zili pangozi yakutha. Ngati asilikali ndi mfuti analephera pachilumba chozunguliridwa ndi nyanja, legeni ndi nkhwangwa sizingapambane kuno kumene mileme imabwera kuchokera ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Congo kutsatira nyengo ya zipatso.

Dandaulo la mphunzitsi wamkulu nalonso ndi lomveka. Kalasi yonunkha, siling'i yolemedwa ndi zitosi mpaka kugwa, ndi fumbi lotsokomoletsa ana si zinthu zoti munthu azipirire m'dzina la chilengedwe. Mileme iyenera kutuluka m'kalasi ndi m'chipinda cha odwala. Funso ndi lakuti ituluke bwanji. Mileme ya m'madengayi ili ndi matupi ndi mitu yolowa pa mng'alu wopapatiza ngati chala, chifukwa kwawo kwenikweni ndi m'ming'alu ya miyala ndi ya mitengo ikuluikulu. Malata otentha ndi khoma losamatidwa bwino zangoipatsa mudzi watsopano pamene mitengo ija yapita ku makala. Ukaipha ndi mankhwala, mitembo imawolera kudenga, poizoni amatsalira pamwamba pa mitu ya ana, yodwala imagwera pansi pamene ana ndi agalu amaitola, ndipo mng'alu uja ukadali potseguka kudikira gulu lina. Njira yogwira ntchito ndi ya mmisiri. Madzulo anthu aime kunja aone pamene ikutulukira. Mabowo ena onse amatidwe ndi simenti kapena waya wa sefa, ndipo pa khomo lalikulu papachikidwe sefa kapena pulasitiki yolendewera, yomata pamwamba ndi m'mbali koma yotseguka pansi, kuti yotuluka isathe kubwerera. Pakapita masiku angapo, pamenepo pamatidwenso. Ntchitoyi ichitike m'nyengo yozizira, mu Juni kapena Julayi, osati nthawi ya mvula pamene muli ana osatha kuuluka amene angafere mkati. Zitosi zichotsedwe atazinyowetsa, wochotsayo atatseka pakamwa ndi mphuno, ndipo ndi manyowa abwino a kudimba. Bokosi la matabwa lopapatiza mkati, lokhomedwa pamtengo wautali kutali ndi kalasi, limapatsa gululo pogona kuti lipitirize kusaka m'minda yozungulira.

Dandaulo lolemera kuposa onse ndi la matenda, ndipo pano kusiyanitsa mitu kumapulumutsa moyo. Kachilombo ka Marburg kamasungidwa ndi mtundu wodziwika, Rousettus aegyptiacus, mleme wa zipatso wa nkhope ya kagalu umene, mosiyana ndi abale ake a m'mitengo, umagona m'mapanga ndi m'migodi yakale, ndipo umapeza njira mumdima poliza lilime. Ofufuza a University of Zambia ndi a Hokkaido University anapeza zizindikiro za kachilomboka mu mileme ya mtunduwu yogwidwa mu 2018 m'chigawo cha Lusaka. Uthenga wake ndi womveka: phanga kapena mgodi umene muli mileme ikuluikulu ya maso aakulu si malo olowamo kukakumba golide, kukatapa manyowa kapena kukasaka ndiwo. Koma kuipha sikuthandiza. Ku mgodi wa Kitaka ku Uganda, anthu ogwira ntchito atadwala Marburg mu 2007, mileme ya m'menemo inaphedwa ndipo makomo anatsekedwa. Patapita nthawi ina inalowamo kuchokera kwina, ndipo itayezedwa mu 2012, matendawa atabukanso m'tauni yapafupi ya Ibanda, gawo la mileme yokhala ndi kachilomboka linali lalikulu kuposa kale. Za chiwewe, bungwe la World Health Organization limanena kuti pafupifupi odwala 99 mwa 100 alionse amachitenga kwa agalu, komabe mileme ina imanyamula tizilombo ta m'banja lomwelo, choncho mleme usagwiridwe ndi manja, ndipo wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala, kaya ku Kalindawalo, ku Minga kapena ku Nyimba. Zoti mileme imayamwa anthu magazi usiku si za kuno: mitundu itatu yokha ndiyo imamwa magazi, yonse ili ku America, ndipo palibe mleme wa mu Africa umene uli ndi mano a ntchito imeneyo.

Wotsutsa wochenjera anganenenso kuti umboni wambiri umene ndatchula ndi wa ku Illinois, ku Levubu ndi ku Ghana, osati wa m'minda ya kwa Mumbi kapena kwa Ndake. Yankho loyamba ndi lakuti fupa silisintha khalidwe podutsa malire a dziko: dzino la nsonga zakuthwa limadya tizilombo ku Eswatini ndi ku Petauke komwe, ndipo mitundu ya m'madenga imene inayezedwa ku Eswatini imapezekanso m'Zambia. Yankho lachiwiri ndi lakuti amene akufuna kupha ndiye ayenera kubweretsa umboni, chifukwa cholakwa chake n'chovuta kukonza. Mileme yambiri imabereka mwana mmodzi pa nthawi, ndipo yambiri kamodzi pachaka, pamene khoswe amaswa ana ambirimbiri kangapo. Gulu la mileme lothedwa usiku umodzi limatenga zaka kuti libwerere. Yankho lachitatu ndi lakuti kuyeza kwa kuno n'kotheka ndipo sikodula monga kale. Pali timakina tolumikiza ku foni tomwe timamva mawu a mileme n'kuonetsa kukwera kwake, ndipo mabungwe monga Bats without Borders ndi African Bat Conservation ya ku Malawi akhala akuphunzitsa anthu ntchito imeneyi m'chigawo chino cha Africa. Buku la W. F. H. Ansell lofotokoza nyama zoyamwitsa za m'Zambia linatuluka mu 1978, ndipo kuyambira pamenepo nkhalango zasintha, mitundu yatsopano yadziwika. Kalabu ya sayansi ya pasukulu ya sekondale, mothandizidwa ndi a nthambi ya National Parks and Wildlife, ingathe kulemba mitundu ya m'dera lake ndi malo ogona, n'kupereka kwa khonsolo chinthu chogwirika.

Zofunika kuchita sizifuna lamulo latsopano kuchokera ku Lusaka. Makhonsolo a Petauke ndi Nyimba, povomereza mapulani a sukulu ndi zipatala zomangidwa ndi ndalama za chitukuko za CDF, aumirire kuti mpata wa pakati pa malata ndi khoma umatidwe pomanga pomwepo, pakuti thumba la simenti lero ndi lotchipa kuposa siling'i yatsopano mawa. Alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akhale ndi pepala limodzi la zithunzi za mitu inayi: wa nkhope ya kagalu wa mumtengo, wa nkhope ya kagalu wa m'phanga, wa milomo yamakwinya wa kudenga, ndi wa zikopa pamphuno, ndipo pansi pa chilichonse palembedwe chimene umadya ndi chimene munthu ayenera kuchita akakumana nawo. Mafumu, kuyambira kwa Kalindawalo mpaka kwa nyakwawa, ali kale ndi mphamvu yoletsa kudula mitengo ina ndi kulowa malo ena. Mphamvu imeneyo ifikire milambe ya mphako, mikuyu ikuluikulu ndi mapanga, ndipo msonkhano wa Tuwimba mu Okutobala, pamene anthu amakumana mvula ili pafupi, ndi malo oyenera kulengezera zimenezi. Palibe amene akupemphedwa kukonda mleme kapena kugona nawo m'nyumba. Chopemphedwa n'chakuti amene wapatsidwa udindo wosamala kalasi, munda kapena nkhalango adziwe mtundu umene akulimbana nawo asanasankhe chochita, chifukwa wa kudenga umafuna mmisiri, wa m'mango umafuna thumba ndi kukolola msanga, ndipo wa m'phanga umafuna kuti anthu autalikire.